Phiko la Nkhuku la Dokotala Tadala

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma poti Chamama yense anaimva kale, bola muimve kwa mwiniwakene.

Mwana wanga Tadala ndi dokotala, akuphunzira opaleshoni ya ubongo. Atabwera kutchuthi nyengo yosoka fodya, ndinamuphera nkhuku. Iye anapempha phiko limodzi, laliwisi.

Masana ndikuchokera kuchigafa ndinasuzumira pawindo. Mayo ine! Phiko lili m'mbale, foni yapachikidwa pamwamba pake, mwana wagwira tizitsulo tiwiri, akusoka. Ulusi wake wosaoneka! Maso sali pamanja, ali pa laputopu.

"Tadala, ukutani?"

"Ndikusoka mtsempha, amayi."

"Wa nkhuku yakufa?"

"Musagwedeze tebulo."

Ndinati basi, sukulu yamuzunguza mutu mwana wanga. Ndiye mawa akatsegule mutu wa munthu ameneyu? Ndinathamanga kukatenga a Phiri, mkulu wa mpingo, ndi amayi atatu. Tinalowa ndi nyimbo.

"Ambuye, m'bwezereni nzeru mwanayu!" anafuula a Phiri.

Tadala anadikira mpaka ameni, kenako anatembenuzira laputopu kwa ife.

"Kumene ndikuphunzira kuli makina otchedwa ekizosikopu," anatero. "Ndi kamera yoima pamwamba pa mutu wa wodwala. Kale dokotala ankawerama pa maikulosikopu mpaka khosi kuuma. Pano timavala magalasi, ubongo n'kumauona pasikirini yaikulu. Chovuta n'chakuti manja ali uku, maso ali uko. Ndiye timayambira pankhuku, foni ikujambula n'kumaonetsa pa laputopu, mpaka manja azolowere. Pamunthu sitiphunzirirapo."

Tinayandikira. Abale, kamtsempha kamene m'mbalemo sindinkakaona n'komwe, apa kanali ngati paipi ya mjigo! Kanali kodulidwa pakati, koma kolumikizidwanso ndi timfundo todondozana bwinobwino. Singano yake ngati nsidze. A Phiri anakhala pansi osauzidwa.

"Ndiye m'mutu mwa munthu wamoyo udzasoka chonchi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Aphunzitsi akadzakhutira nane, ee."

Ndinayang'ana manja a mwana wanga. Manja amene ndinkawamenya akaba shuga!

Koma manyazi anandituma zina. "Kusoka osayang'ana?" ndinatero. "Ife fodya timasoka tikucheza! Bweretsa kuno. Luso limeneli unatengera ine."

Ndinakhala pampando, n'kugwira kachitsulo, maso pasikirini monga dokotala. Mwadzidzidzi panatulukira chinthu chachikulu, chakuda, chong'alukang'aluka, chikunjenjemera, chikulunjika phiko lija.

"Chilombo!" ndinakuwa. "Chikudya nkhuku!"

Ndinadumpha, mpando uko, mpango uko, n'kukabisala kumbuyo kwa a Phiri.

"Amayi," anatero Tadala akupukuta misozi ya phwete, "chimenecho ndi chala chanu. Chakudacho ndi phula la fodya."

Ukafuna kuonetsa luso pagulu, yamba wawenga zikhadabo.