Mabuku Amafuta a Ba Felistus

Ba Felistus, mayi wa vitumbuwa pa msika wa ku Mtendere, anali ndi khalidwe limodzi lodziwika komboni yonse: ankalanda anthu mapepala. Mukudziwa kuti pamsika chakudya amakulunga m'mapepala akale, kaya nyuzi, kaya masamba a mabuku amene masukulu a kumayadi ataya. Tsono pepala likangokhala ndi zilembo zikuluzikulu ndi chithunzi, kwa iwo linali la ana basi, ndipo sankapempha.

Hilda, amene ankagulitsa tomato pa tebulo loyandikana nawo, anazionera pafupi zaka khumi. Tsiku lina kondakita wa minibasi ankadutsa ndi tchipisi zake.

"Iwe, bwela! Nione pepala iyo."

"Ba mami, sininagule pali imwe."

"Nakufunsa kwamene unagula? Uiona iyi nkhuku yavala nsapato? Ni ya bana iyi!"

Anamukhuthulira tchipisi zamoto m'manja n'kutenga pepala. Bambo ndi ndevu zake anapita akuvina mpaka pa siteshoni.

Mapepalawo ankawayanika, n'kuwasoka ndi ulusi wa thumba la ufa. Vuto linali lakuti Ba Felistus sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, ndiye ankangolumikiza mmene awapezera. Buku linkayamba ndi mbuzi yosochera, tsamba lachiwiri ndege, lachitatu mwana akutsuka mano, mbuzi ija osaonekanso. Mabuku onsewo ankanunkhira mafuta. Ana akaweruka kusukulu ankadzaza pansi pa tebulo lawo, ena kudzawerenga, ena kudzanunkhiza.

Ba Rex, mphunzitsi wina wokonda tayi, anayesa kudandaula.

"Ba Felistus, ma buku yanu yalibe mutu olo mchila."

"Nanga umoyo wanu uli na mutu, ba ticha? Chaka chatha munali ba m'busa, lelo mugulisa na nkhuku."

Ba Rex anagula vitumbuwa viwiri n'kuchoka.

Hilda ankaseka nawo zonsezi, koma mumtima munali moto. Mwana wake Nsama anali giledi 3, zaka zisanu ndi zinayi, koma buku kwa iye linali khoma. Mwamuna wake, Chibwe, anali atagamula kale kuti malire ndi tsiku lotsekera sukulu.

"Masukulu yakavala mu Disemba, ngati sabelenga, asiye. Azikuthandiza pa tomato."

Hilda anaulula nkhaniyi akugwetsa misozi. Ba Felistus sanamutonthoze n'komwe. Anangoitana mwanayo, n'kumupatsa buku la mbuzi lija.

"Nsama, ine siniziba kubelenga. Iyi mbuzi yanivuta myezi itatu. Niuze chamene pepala ikamba."

Nsama anali wochenjera, paja kusadziwa kuwerenga si uchitsiru. Anayang'ana chithunzi, nayendetsa chala pa zilembo, n'kupeka nkhani yokoma zedi: mbuzi dzina lake Mwape inathawa chifukwa mwini wake anali wakaso, woumira zedi. Ba Felistus anaomba m'manja n'kumupatsa chitumbuwa.

Mawa lake anamupatsanso tsamba lomwelo. Nsama, ataiwala bodza la dzulo, anati mbuzi inapita ku tauni kukafuna ntchito, dzinanso n'kuipatsa lina.

"Aa! Mailo inathaba kaso, lelo ifuna nchito? Na zina yake yasintha? Iwe mwana, pepala sichinja mau monga ba kansela. Bweza chitumbuwa changa!"

"Nadya kale, ba mbuya."

"Ndiye belenga va zoona."

Kuyambira pamenepo inali nkhondo. Mayiyo anali ndi mutu wosunga zinthu, mawu amodzi akasiyana ndi a dzulo ankagwira pomwepo. Ankaitana ana akuluakulu kuti awerenge tsamba lomwelo, iwo n'kumayerekeza. Nsama analira, ananyanyala masiku awiri, koma fungo la vitumbuwa linamubweza. Anayamba kufunsa anzake kuti ichi n'chilembo chanji, chinthu chimene m'kalasi ankachita nacho manyazi. Pamaso pa munthu wamkulu wosadziwa kuwerenga panalibe chochititsa manyazi. Pofika Okutobala ankatha kugwirizanitsa "mbu" ndi "zi" yekha, ndipo tsiku limenelo Ba Felistus analuluta mpaka ogulitsa makala anathamangira kudzaona ngati kwabadwa mwana.

Koma kunyumba, bambo ake akangoti "belenga apa," Nsama ankauma pakamwa. Chibwe ankangopukusa mutu, ndipo Disemba inkayandikira.

Kutatsala sabata kuti masukulu atseke, Ba Felistus anadandaula mutu m'mawa, nasiyira Hilda chiwaya kuti awayang'anire. Sanabwerenso. Anamwalira tsiku lachitatu.

Ku manda a Chingwere, nkhata zitaikidwa, anthu anayamba kukwera malole. Nsama, amene anakakamira kupita nawo, anatsalira pa mtumbira. Hilda pobwerera kukamutenga anamupeza atanjuta pa kachitsulo kolembedwa dzina, chala chili pa zilembo.

"Fe-li-stus Sa-ka-la. Pu-mu-la-ni, a-ma-yi a-thu."

Chibwe anali kumbuyo kwawo. Analoza manda oyandikana nawo.

"Nanga apa?"

Mwana anawerenga. Analozanso ena, mwana anawerenga. Dalaivala wa lole analiza hutala kanayi, bambo ndi mwana ali pa manda achisanu ndi chimodzi a anthu osawadziwa n'komwe. Potsiriza Chibwe anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Bamake Nsama, yunifomu yake ija yafupika. Ifunika inangu ya Januwale."

Hilda analira ndi kuseka nthawi imodzi, azimayi a mpingo mpaka anamugwira poganiza kuti maliro amusokoneza.

Lero pamalo paja panali tebulo la Ba Felistus pali kantemba kotumizirapo ndalama pafoni. Msika ukuyenda, tomato akugulidwa, koma masana ana amangodutsa osaima, ndipo pamakhala zii ngati si Mtendere. Nsama ali giledi 5. Amawerenga chilichonse, zikwangwani, mapaketi a sopo, ngakhale mauthenga a m'foni ya bambo ake, zomwe zabweretsa milandu ina. Hilda ndi wokondwa, amanena yekha. Chimene chimamupweteka n'chakuti nthawi zina mwana akabwera ndi lipoti labwino, iye amatembenukira kumanzere kuti aonetse Ba Felistus, n'kupeza mnyamata wa kantemba akumufunsa ngati akufuna kutumiza kapena kutapa.