Siketi yanga ndi ndege ya malume

Tsamba la tsiku limenelo m'kabuku kanga lili ndi mzere umodzi wokha: "Lero ndathandiza sayansi." Zinazo ndinachita nazo manyazi, ndiye ndikuzilemba lero, patatha zaka ziwiri.

Ndinali Fomu 2. Malume anga, okhoma zidebe ku Chiputula, ankakonda kuima kumpanda wa bwalo la ndege mpaka anatsimikiza mtima kupanga yawoyawo. "Ndege ndi ndowa yaitali basi," ankatero. (Ine ndinkakhulupirira. Kunena zoona, pang'ono ndimakhulupirirabe.)

Thupi la ndegeyo linali la malata osalala, lopindidwa ngati mgolo, lowonda chakumchira. Polumikiza malata pankafunika anthu awiri: wina kunja kukhoma maliveti, timisomali tofewa tija, wina mkati kutchinjiriza ndi chitsulo kuti kamsomaliko kaphwatalale. Malume kumchirako sankakwanako. Lachisanu lina pochokera kusukulu ndinadzipereka, yunifolomu ili m'thupi.

Ndinalowa chafutambuyo n'kugona chammbali, nditapinda miyendo. Malume anayala lata lina pamwamba pa linzake, n'kuyamba kuboola.

"Wagwira, mwanawe?"

"Ndagwira, malume!"

Go! go! go! Makutu ankalira, koma mtima unali mumlengalenga. Ndinkadziona ndikudutsa pamwamba pa phiri la Kaning'ina, aphunzitsi a sayansi ali pansi atagwira pakamwa. Tinakhoma maliveti khumi ndi awiri osapumira.

Pofuna kutuluka, ndege inandikaniza. Mpendero wa siketi yanga unali utalowa pakati pa malata awiri aja, ndipo tinali titaukhomera kumodzi. (Amene ankatchinjiriza mwamphamvu kuti zigwirane bwino ndinali ine ndemwe.)

"Malume, zulani misomali!"

Anasisita mzere uja ndi chala. "Chibadwire sindinakhomepo mowongoka chonchi. Nsalu imasokedwa, mwanawe. Lata silisokedwa."

Anatenga sizasi yodulira malata n'kudula siketiyo. Ndinatuluka mawondo ali pamtunda. Lamulo la nthawi imeneyo mukulidziwa: mkazi kuonetsa mawondo mumsewu unali mlandu. Kwathu ku Nkhorongo n'kutali, ndipo yunifolomu inali imodzi yomweyo. Ndinanjuta kuseri kwa ndowa zogulitsa, misozi ili lengelenge.

A Nyagondwe, oyandikana nyumba ndi malume, anasuzumira pampanda. "Monire a dalaivala a ndege! Mwatera bwino? Nanga theka linalo la siketi mwaiwala kumwamba?" Anaseka mpaka kutsamira mtengo, kenaka anandiponyera chitenje chawo.

"Yewo chomene," ndinathokoza m'Chitumbuka, maso ali pansi.

Amayi sanandikalipire ine. M'mawa mwake anapita kukakumana ndi mlongo wawoyo, ndipo Chiputula yense anamva. Siketi ija amayi anailumikiza ndi nsalu yabuluu wowala kuposa wakewo, moti ndinayenda ndi mitundu iwiri chaka chonse. Anzanga akandiona ankatambasula manja ngati mapiko, akulira "vuuu!"

Malume anabwerera ku Limbe, kumene ankakhala kale, chaka chatha, ndege isanamere mapiko. Ikadali kuseri kwa nyumba ija, nkhuku za a Nyagondwe zikuikiramo. Ndikadutsako madzulo ndimasowa kulira kwa hamala ya malume.

Ndinalonjeza amayi kuti sindidzalowanso m'ndege nditavala yunifolomu, ndipo lonjezolo ndinasunga. Sabata yotsatira mbali inayo inali isanakhomedwe, choncho ndinalowa nditavala chitenje cha amayi cha kutchalitchi. Za chitenjecho amayi akuganizabe kuti anadya ndi makoswe.