A Nang Paning ndi Za Pachilumba

M'kanjira kathu kuseri kwa msika wa La Paz, aliyense ankadziwa kuti a Nang Paning sakhulupirira munthu wabwino wa pa TV. Akaona wina akumwetulira, akugawira anzake mpunga, akupempherera gulu lonse, iwo ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Uyu sabata yamawa akupita kwawo." Ndipo ankapitadi.

Dzina lawo lonse linali Epifania Balberona, koma ine ndinalimva koyamba pamaliro awo. Nang ndi mawu aulemu oitanira mayi wamkulu kwathu kuno, monga Nong kwa bambo. Anali mayi wamasiye, wamfupi ngati mgolo, wa mawu omveka mpaka kumsika. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri sanaphonyepo pulogalamu ija ya Lamulungu madzulo, imene amakasiya anthu makumi awiri pachilumba, kenako sabata iliyonse okhaokha amavota kuchotsa mmodzi mpaka atatsala wopambana. Ife tinkangoti za pachilumba. Ine ndine Minyang, wa kagolosale koyang'anizana ndi nyumba yawo, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

Amene ankawakonda anali atambwali. Ngwazi yawo inali Baldo, wometa tsitsi wa ku Samar, amene analumbira pamanda a mayi ake kwa anthu atatu osiyana kuti sadzawavotera, kenako n'kuwachotsa onse atatu mmodzimmodzi. Tsiku lopambana, mayi ake aja anaoneka pampando wakutsogolo, amoyo, akuwomba m'manja. A Nang Paning analira misozi yachisangalalo. Chithunzi cha Baldo anachidula m'nyuzipepala n'kuchimata pakhoma, pakati pa malemu amuna awo ndi chifaniziro cha Mwana Yesu.

A Saling, ogulitsa nsomba pamsika, atachiona anagwira pakamwa.

"Nang, wabodza ameneyu pambali pa Ambuye?"

"Ambuyenso anali ndi awiri otere pambali pawo, Saling."

"Nanga amuna anu?"

"Amuna anga anali munthu wachilungamo. Akanapita pachilumba, bwato lowabweretsa likanabwerera nawo tsiku lomwelo."

Masiku amenewo TV yaikulu m'kanjira konse inali yawo yokha, yotumizidwa ndi mwana wawo Leonor amene ndi namwino kunja. Lamulungu ikamakwana sikisi koloko, nyumba inkadzaza. Ena pa benchi, ena pansi, ena pawindo kunja atagwira zitsulo ngati akaidi. Ankakazinga nthochi mbale yonse, koma malamulo awo anali okhwima. Wotsokomola nthawi yovota ankatulutsidwa. Wonena kuti "komatu uyu ndi wamtima wabwino" ankalandidwa nthochi. Olankhula anali iwo okha, ndipo ankalankhula ndi TV ngati ikuwamva.

"Usamuuze! Usamuuze, chitsiru iwe! Wamuuza. Longedza katundu."

Tsiku lina magetsi anazima mavoti atangoyamba kuwerengedwa. Tonse tinangoti aa! Tisanadziwe chochita, iwo anali atafika kale panja, patapata mmodzi kuphazi, akuitana Nong Dodoy wa njinga yamoto yonyamula anthu.

"Dodoy, liza! Pita kulikonse kumene kukuwala!"

Kumene kunkawala kunali malo amodzi okha, kwa ogulitsa mabokosi a maliro, chifukwa anali ndi jenereta. Mwini wake ataona mayi akutsika njinga ali wefuwefu, anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani kwambiri, Nang. Watisiya ndani?"

"Ndi zimene ndabwera kudzaona. Yatsa TV."

Anaonera atakhala pakati pa mabokosi awiri oyera, ndipo Nong Dodoy amalumbira mpaka lero kuti wochotsedwayo atatchulidwa, iwo anamenya chivindikiro cha bokosi n'kukuwa kuti, "Ndinanena ine!"

Vuto linali lakuti nzeru za pachilumba ankabwera nazo kumtunda. Chaka china kunali chisankho cha wapampando wa gulu la amayi kutchalitchi. Opikisana anali awiri, a Saling ndi mayi wina woimba kwaya. A Nang Paning anayenda khomo ndi khomo kwa milungu iwiri. Kwa otsatira a Saling ankanong'oneza kuti wakwaya uja akapambana tidzaimba mpaka kukomoka. Kwa a mbali inayo ankati a Saling akapambana, tchalitchi chonse chidzanunkha nsomba. Sikuti ankafuna kanthu ayi, ankangofuna kuona ngati zimagwira ntchito. Zinagwiradi. Amayi anaopa onse awiri, ndipo mapepala atawerengedwa, dzina lopambana linali la munthu amene sanaime n'komwe, Paning.

Anaimirira nkhope itagwa.

"Misonkhano imakhala liti?"

"Lamulungu sikisi koloko madzulo, Nang."

Anatula udindo asanakhalenso pansi. Pobwerera anandigwira mkono, ananditchula Inday monga akuluakulu amaitanira mwana wamkazi kwathu kuno, n'kundiuza mwachisoni kuti, "Inday, ndasewera mopitirira muyeso. Wosewera wabwino saoneka."

Kalata zopempha kulowa nawo mpikisano wa pachilumba analemba khumi ndi imodzi. Ali ndi zaka sikisite eyiti, eni pulogalamu anabwera mumzinda kudzasankha anthu, ndipo ine ndinawaperekeza. Pamzere panali achinyamata okhaokha, minofu panja, ena akudumphadumpha ngati mbuzi. Iwo anavala diresi la ku Misa, ambulera m'manja. Atafika kutsogolo, mtsikana wa mapepala anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Lola, mwaperekeza mdzukulu?" anafunsa, kuwatchula agogo m'chinenero chathu.

"Ndadziperekeza ndekha."

"Mumatha kusambira?"

"Amene anapambana chaka chatha unamuona akusambira? Ankangokhala pamthunzi n'kumanama."

"Nanga mukhoza kukhala masiku atatu osadya?"

"Mwana wanga, ndinakwatiwa ndi mphunzitsi."

Anthu anaseka mpaka wojambula anagwedeza kamera. Anawauza kuti adzawaimbira foni. M'basi pobwerera anandifotokozera kuti kusaitanidwa msanga ndi chizindikiro chabwino, chifukwa oopsa amawasungira kumapeto. Foni ija anaigwira m'manja miyezi iwiri, ngakhale popita kubafa. Kenako anasiya kuitchula, nafenso sitinafunse.

Sindingathe kunena tsiku limene tinasiya kupita kwawo Lamulungu. Palibe amene anakangana nawo. Nyumba iliyonse inagula TV yake, kenako aliyense anayamba kuonera pafoni, nthawi yake, ali chigonere. Ine golosale inkandigwira, a Saling miyendo inayamba kuwavuta, ana aja a pawindo anakula n'kupita ku Manila. Ndikamatseka madzulo a Lamulungu ndinkamvabe mawu awo kutsidya kwa kanjira, "Usamuuze, chitsiru iwe!" ndipo ndinkaseka n'kunena mumtima kuti sabata yamawa ndipita.

Ndiye tsiku lina m'mawa anabwera kudzagula machesi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsamira pa kauntala.

"Inday, m'kanjira konse kano munthu amene ndimamukhulupirira ndiwe wekha."

"Ine, Nang?"

"Tsitsa mawu. Ena onsewa ndi njoka. Iwe ndi ine tipange mgwirizano. Lachinayi lililonse masana uzibwera kwathu, tizidya limodzi, ndizikuuza zimene zikuchitika. Ulowere kukhomo lakuseri. Kiyi ndi uyu. Ukauza munthu, watha."

Ndinaseka, koma kunena zoona ndinamva kukoma. Amuna anga anali atamwalira chaka chimenecho, ndipo panali patapita nthawi osamva munthu akundiuza kuti ndine ndekha pa chilichonse. Lachinayi ndinatseka golosale, ndinazungulira kuseri ngati wakuba, ndinapeza supu wa nkhuku ndi papaya ali pamoto, mbale ziwiri zili patebulo. Zinsinsi zake zinali zopanda pake. Akuti a Saling amathira madzi oundana ambiri kuti nsomba zilemere. Akuti Nong Dodoy amadaya tsitsi. Tikatha kudya ankandipempha kuti ndiwawerengere zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, ati magalasi awo asochera. Mabotolowo ankachuluka chaka ndi chaka. Ndikafunsa ankati, "Ndi mavitamini a Leonor. Idya."

Tinatero zaka zitatu, ndipo sindinauzepo munthu.

Anamwalira Lachiwiri masana, ali pampando wawo. Amene anawapeza anali Nong Dodoy. Ngakhale ndinali kulira, kanthu kena kanandikhala pamtima: Dodoy analowa bwanji m'nyumba yokhoma?

Tsiku lachitatu la maliro, masana kukutentha, tinakhala pansi pa tenti kunja, tikudikira Leonor amene ndege yake inali itangotera. Ndinalephera kupirira.

"Nong, munalowera pati?"

Anayang'ana pansi, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

"Poti apita, ndinene. Ine ndi iwo tinali pa mgwirizano. Lachiwiri lililonse. Ankati m'kanjira konse kano ndine ndekha wokhulupirika."

A Saling anaika kapu ya khofi pansi pang'onopang'ono. Anamasula kachikwama ka m'chiuno, n'kutulutsa kiyi wofanana ndendende.

"Lolemba," anatero. "Anandiuza kuti iwe Dodoy ndiwe njoka."

"Ine anandiuza kuti njoka ndinu!"

Nanenso ndinatulutsa wanga. Mayi wakwaya uja, amene sankalankhulana ndi a Saling kuyambira chisankho chija, anakweza dzanja ngati mwana wasukulu n'kunena kuti Lachitatu. Wosoka nsapato wa pakona anali wa Lachisanu. Loweruka, anthuni, anali mwini mabokosi a maliro, amene anaimirira pambali pa bokosi limene anasankha yekha, akupukuta maso ndi kiyi m'manja. Makiyi asanu ndi mmodzi patebulo. Tinaseka mpaka anthu odutsa anaima kudabwa kuti ndi maliro anji amenewa.

"Zaka zitatu!" a Saling anatero akupukuta misozi. "Ndinkazungulira kuseri ndi miyendo yangayi!"

"Ndiye za kudaya tsitsi anauza aliyense?" anafunsa Nong Dodoy, ataona tonse tikuyang'ana mutu wake.

"Aliyense," tinayankha tonse.

Tikusekabe, Leonor anafika ndi sutikesi yake. Atalira pabokosi la mayi ake, anatuluka n'kutigwira manja mmodzimmodzi. Pofika pa ine anandikumbatira, n'kunditchula Tiyay, kutanthauza azakhali.

"Tiyay Minyang, zikomo. Dokotala atanena za mtima wawo zaka zitatu zapitazo, ndinafuna kusiya ntchito kuti ndibwere. Anandikaniza. Anati tsiku lililonse pali munthu wodya nawo."

"Zinali zoona, mwana wanga," ndinatero.

"Ndipo Lamulungu ndiye ankanyadira kwambiri. Ndikaimba m'mawa ankati, 'Fulumira, ndikukazinga nthochi, madzulo muno mukhala mopanda poponda.' Zikomo kuti simunasiye kubwera."

Ndinayang'ana a Saling, a Saling anayang'ana Dodoy, Dodoy anayang'ana makiyi aja. Analipo asanu ndi mmodzi. Lamulungu sanapatse munthu kiyi, chifukwa tsiku limenelo khomo lakumaso linkakhala lotsekula. Ine ndinkaliona ndili m'golosale, ndipo fungo la nthochi linkandipeza komweko. Ndinkangoganiza kuti akumva kutentha.

A Saling ndi amene anatsegula pakamwa.

"Tinkabwera, Inday. Mopanda poponda."

Ndi bodza lokhalo limene ndinawamvapo a Saling akunena osaphethira, ndipo ndikhulupirira mwini nyumba akanalivomereza.

Tsopano papita chaka ndi miyezi. Leonor anabwerera kuntchito, nyumba ija mukukhala banja lachinyamata logwira ntchito yoyankha mafoni usiku, limene limagona usana wonse makatani atatseka. Ndi anthu aulemu, koma sindidziwa mayina awo. Ife asanu ndi mmodzi tinayesapo kamodzi kudyera limodzi kwa a Saling. Aliyense anabweretsa mbale yake, tinakambirana za mtengo wa mpunga ndi za mvula, kenako tinangomva masipuni okhaokha. Tinazindikira kuti aliyense wa ife ankadziwa kucheza ndi iwo, koma wina ndi mnzake ayi. Sitinabwerezenso.

Kanjira kathu kakhala kamtendere kwambiri. Palibe amene amanenedwa kuti ndi njoka, palibenso amene amauzidwa kuti ndi yekha wokhulupirika. Munthu akakupatsa moni, ndi moni basi.

Sabata yatha masana Nong Dodoy anaimika njinga yake pa golosale panga, popanda wokwera. Tsitsi lake layera lonse tsopano. Anagula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, nakhala pa benchi moyang'ana makatani aja, ndipo anamwa pang'onopang'ono mpaka linatha.

"Mwadya, Nong?" ndinafunsa.

"Ndikadyera kutsogolo," anatero.

Koma sanadzuke. Nanenso sindinalowe mkati.