Tsiku Limene Ndinadinditsa Apongozi Chala Chifukwa cha Kachewere

Mpaka lero foni ikalira mtima umandithawa, ndipo ndimayamba ndayang'ana kumene kuli mwana.

Anandinyengerera ndi alamu anga, mphunzitsi wa ku Bembeke. Akuti pa intaneti pali buku lalikulu limene aliyense amalembamo zimene akudziwa, koma za kwathu kuno ku Kaphuka mulibe. Ine wa Sitandade 7 ndinakana, kenako ndinalola (vuto langa ndi limenelo). Ndinalemba za kachewere, mwana ali kubere. Pomaliza ndinathira kamchere: kachewere wa ku Kaphuka ndiye wokoma kuposa yense m'Malawi.

Lachitatu ndikuchokera kudimba, pafoni panalowa uthenga uwu: "Nkhani yanu yaunikidwa. Ilibe umboni. Mutu wanunso sunakhale bwino. Konzani pasanathe masiku asanu ndi awiri."

Nkhani yanga! Umboni! Ndinaona khoti, ndinaona galimoto ya apolisi ikukwera chitunda chathu, ndinaona Tadala wanga wa miyezi isanu akulira bere ine ndili m'chitolokosi. Nanga za mutuzo anaziona bwanji? Ndinali ndisanapese kuyambira Lamulungu. Ndinamata kadiso ka foni ndi phala, n'kumanga duku.

Ndinathamangira kwa apongozi, n'kugwada patali.

"Amayi, ndapalamula. Akufuna mboni."

"Mwaba chiyani?"

"Ndayamikira kachewere."

Kenako anati, "Ngati ndi kachewere, ndikaima ine. Ndinayamba kulima iwowo asanamere mano."

Tinalemba pa pepala la m'kope kuti iwo, aNambewe, akuvomereza. Chala anadinda ndi mwaye wa pa poto. Ndinapukuta phala lija n'kuwajambula atavala chitenje cha ku tchalitchi, kachewere awiri m'manja, nkhope ngati ya pa maliro. Nane ndinadzijambula, duku lili bwinobwino, kuti aone kuti mutu ndakonza. Ndinatumiza zonse. Matewera a mwana ndinalongedzeratu m'jumbo (munthu sudziwa).

Yankho linabwera mawa lake: "Mayi, pepani, mlandu palibe. Umboni wake ndi buku kapena nyuzipepala imene inalembapo zimenezi. Mutu tikunena wa nkhaniyi, mwaulemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Koma duku lakukhalani. Moni kwa agogo."

Ndinakhala pansi pomwepo, n'kumupsompsona Tadala mpaka analira.

Alamu atamva anaseka mpaka kutsamwa. Anandipezera kabuku ka alangizi a zaulimi, tinakatchula m'munsi mwa nkhaniyo, ndipo inalowa. Koma mawu aja akuti wokoma kuposa yense a pa intaneti aja anawachotsa, akuti palibe buku linanenapo.

Apongozi sanakhululuke.

"Ndiye kuti pepala likudziwa kachewere kuposa ine? Linamulawapo?"

Ndinalumbira kuti basi, sindidzalembanso. Koma dzulo andiitana. Akuti nyemba zathu nazonso palibe zofanana nazo, ndilembe, ndipo chala chawo chilipo.

Ndayamba kale. Jumbo ija sindinamasule.