Msewu wa ku Ulaya m'belo la bambo

Ndikulemba izi zala zikadali ndi matuza a singano yosokera ziguduli, ndiye zilembo zikapendekeka mundikhululukire. Ku holide ya Pasaka ndinapita ndili mwana wodalirika wa pakhomo pathu ku Wimbe. Kusukulu kuno ndabwerera ndi dzina latsopano lomwe amalume andipatsa, ndipo sindilitchula.

Pabalaza pathu pali chithunzi cha m'felemu. Anabwera nacho ndi azakhali amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Abwana awo anachisiya pobwerera kwawo. Ndi pepala chabe lotsanzira zomwe anapenta munthu wina wa ku Ulaya kalekale, koma amayi amachikonda kuposa makapu awo a alendo. Chikuonetsa msewu basi: nyumba za madenga ofiira, mpanda wachikasu, mitengo yogwetsa mithunzi ya mtundu wa maluwa a jakaranda, ndi mayi mmodzi wa ambulera akulowera chakutali. Mulibe nkhuku, mulibe mbuzi, mulibe woitana kuti ukatunge madzi. Ukachiyandikira umangoona madonthomadontho ngati wina wataya utoto mwangozi. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono, madontho aja amagwirana n'kusanduka masana ofatsa, onga a Lamulungu anthu onse atagona.

Ine ndimakhala mumsewu umenewo. (Thupi limakhala lili pamphasa kusankha fodya, koma mwiniwakene ndili uko.) Nyumba yanga ndinasankha kale, ya zenera lotsegula ija kumanzere. Ndikadzakhala namwino ndizidzaweruka madzulo, kudutsa pansi pa mitengo ija, nsapato zanga zokha zikumveka, ndipo mayi wa ambulera uja azidzacheuka n'kundifunsa ngati ndaswera bwino.

Vuto linabwera ndi dzinja. Denga linadontha, chinyezi chinalowa m'felemu, pepala n'kuchita mafunde. Msewu wanga unakhala ngati wopita ku Chisemphere mvula itaukokolola. Mpanda unapindika, ndipo mayi wa ambulera ankaoneka ngati akutsetserekera mumtsinje. Zinkandiwawa tsiku lililonse.

Pa holide ya Pasakayo bambo anabwereka jeke yodindira fodya. Kwa amene simunaionepo: timitolo ta fodya timayalidwa m'bokosi lalikulu lamatabwa, pamwamba n'kuikapo thabwa, kenako jeke imapanikiza mpaka mulu wonse uphwatalale n'kusokedwa m'chiguduli kukhala belo. Ndinaima n'kumaonerera mulu wofika m'chiuno ukutsika mpaka m'mawondo, wosalala ngati tebulo. Pamenepo nzeru inandibwerera. (Pa phunziro la sayansi ndinali wachiwiri m'kalasi. Ndikutchula kuti mudziwe kuti sukulu siiteteza munthu ku chilichonse.)

Bambo ndi amalume atapita kukamwa tiyi, ndinachotsa timisomali ta kumbuyo kwa felemu, kutulutsa pepala, kuliyala m'bokosi lomwe linali lisanadzaze. Poopa kuti thabwa lingalikande, ndinaliphimba ndi timitolo ta masamba ofewa kwambiri, mwaulemu ngati ndikufunditsa khanda. Ndinati ndipanikize pang'ono chabe, ndilichotse tiyi asanathe.

"Iwe, mumtsuko mulibe madzi," anatero amayi ali pakhomo la khitchini. "Thamangira kumjigo."

Kumjigo kunali mzere. Ndinakhala pandowa, kumayang'ana minda ya fodya yomwe yatsala mitengo yokhayokha mpaka kumene dziko limathera, ndipo posakhalitsa ndinali ndalowa kale m'nyumba yanga ya zenera lotsegula, ndikusankha makatani. Amayi awiri anandidumpha pamzere ine osaona. Pobwerera ndinapeza amalume akuimba likhweru, ndipo pakhonde panali mabelo osokedwa bwinobwino, ofanana ngati mapasa, atasanjidwa pamodzi ndi a dzulo lake.

Felemu yopanda kanthu ndinaibisa kuseri kwa matumba a chimanga. Ndinadziuza kuti mwina si nkhani yaikulu. Ndinayambanso kuganiza mokoma: belo lidzawoloka nyanja pasitima, mzungu wina adzalitsegula, adzapeza msewu wakwawo wabwerera wokha, adzagwetsa misozi.

Maloto amenewa anathera pa chakudya chamadzulo.

"Chaka chino kuokishoni sakuseka," anatero bambo akusamba m'manja. "Anzathu a kutsidyaku awabwezera fodya yense. Kachingwe ka pulasitiki m'belo limodzi."

"Kachingwe kokha?" anafunsa amayi.

"Ngakhale nthenga ya nkhuku. Akapeza chosakhala fodya m'belo limodzi, amakayikira onse."

M'mabelo amenewo munali thukuta la banja lonse kuyambira kunazale, ndipo ine ndinali nditaikamo pepala lalikulu ngati thireyi.

M'mawa mwake ngolo inafika kudzanyamula mabelo kupita nawo kumsewu, kumene lole inali kudikira alimi a kalabu ya bambo. Ng'ombe zitaima, ndinagwada pafupi ndi bambo. Mawu omwe ndinakonza anathawa onse.

"Bambo, m'belo limodzi muli msewu."

"Muli chiyani?"

"Msewu wa pabalaza uja. Ndimafuna kuuwongola."

Bambo anayang'ana khoma kudzera pazenera, pamene panatsala msomali wokha. Amalume anakhala pansi pachitsa n'kugwira m'mimba chifukwa cha kuseka.

"Alamu," anatero akupukuta misozi, "boma lalephera kutiwongolera msewu wa pa Wimbe zaka zonsezi, kani injiniya tili naye pakhomo pano."

"Belo lake liti?" anafunsa bambo, osaseka.

Ndinaloza lina. Kenako lina. Choonadi n'chakuti onse anali ofanana.

Tinayamba kumasula ulusi. Fodya amafuna kugwiridwa m'mawa kukadali chinyezi. Dzuwa likakwera amauma n'kumafumbutuka m'manja. Ndiye belo lililonse lomwe tinkatsegula ndinkamva masamba abwino akuthetheka, ndipo bambo ankatseka maso ngati akuwazula dzino. Mwini ngolo anadikira, anadya chinangwa, anadikiranso, kenako ananyamula mabelo a aneba n'kumapita. Msewu unapezeka m'belo loyandikira kumapeto, dzuwa lili paliwombo.

Ndinene chilungamo: unawongoka. Unali wosalala kuposa tsiku lomwe unafika. Koma masana ofatsa aja anali atasanduka ofiirira, mitsempha ya masamba itadindika pathambo lonse ngati nthambi za mtengo waukulu, ndipo mayi wa ambulera ankanunkha ngati chigafa cha fodya.

Amayi analinyamula pepalalo ndi manja awiri, analitalikitsa, analiyandikitsa. Ndinayembekeza mbama.

"Kwawonso kwayamba fumbi," anatero mwakachetechete. "Libwezere m'felemu. Azakhali ako akadzabwera udzawafotokozera wekha."

Lole inapita popanda fodya wathu. Bambo anayenda ulendo wokapepesa kwa mwini jeke kuti atibwerekenso, ndipo anadikira sabata yathunthu kuti apeze malo pa lole ina. Sanandikalipire. Anangondipatsa singano ndi ulusi n'kunena kuti, "Wadziwa kutsegula. Tsopano phunzira kutseka." Belo lililonse ndinasoka ndekha, amalume ataima pambali kumafunsa ngati sindinaikemonso mlatho kapena sitolo. Tsiku lobwerera kusukulu uthenga unafika kuti fodya wadutsa, palibe belo lobwezedwa. Bambo anangogwedeza mutu, koma anandinyamulira chikwama mpaka pasiteji.

Ndaphunzira kuti chosakhala fodya chisalowe m'jeke, ndipo izi sindidzaiwala. Kungoti potsazika ndinaona kuti ngodya ya kumunsi kwa pepala yayambanso kupindika, pafupi penipeni ndi khomo la nyumba yanga. Za ayironi yamakala palibe amene wandiletsapo.