Mizukwa ya mu Nyimbo ya Fabiano

Pulani inabadwira kwa mayi Namaliya, kuseri kwa msika wa Golomoti, komwe kachasu wake ukamwa matoti awiri umayamba kulangiza boma. Pabenchi panali amuna atatu. Woyamba anali Fabiano, amene anadzipatsa yekha dzina loti Bwana Pulani ngakhale panalibe pulani yake inafikapo kumapeto. Wachiwiri anali Clifford, wotchedwa Injiniya chifukwa tsiku lina anamenya khofi wailesi yakufa n'kuyamba kulankhula. Wachitatu anali Onani, chimunthu chotchedwa Chitseko, amene ntchito yake m'gululi inali kunyamula ndi kuvomera.

"Magaye, dilu ilipo," anatero Fabiano. "Situdiyo ya Happy. Kompyuta, masipika, zonse. Wogula alipo kale ku Mtakataka."

Komatu mtima wa Fabiano sunali pa masipika ayi. Mu kompyutamo munali nyimbo yake, imene anajambulira Veronika, mtsikana wogulitsa tomato mumsika. Chinkhoswe chawo chinali Loweruka, ndipo Veronika anali atamuuza mosapsatira: "Inu a Fabiano pakamwa ndiye Mulungu anakupatsani. Nyimbo mukunenayo ikapanda kumveka pachinkhoswe, ndidziwa kuti zonse mumandiuza ndi mphepo."

Tsono nyimboyo inkakana kutuluka. Mu kompyuta inkamveka bwinobwino, koma Happy, mwini situdiyo, akangoitulutsa kuti ipite pa fulashi, inkabwera ndi phokoso loti gu-gu-gu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Happy anatsitsa voliyumu, anatseka mapulogalamu ena, anasintha fulashi, koma gu-gu-gu ali pomwepo. Fabiano sanakhulupirire. Iye ankaona kuti Happy akufuna kupatsa nyimboyo woimba wina.

"Lachinayi Happy akupita ku Mua kukaimbira kwaya kiyibodi," anapitiriza Fabiano. "Tilowa masana."

"Masana?" anadabwa Injiniya. "Aise, mbava yanji imaba dzuwa lili paliwombo?"

"Mbava yophunzira. Situdiyo ija imayendera sola, batire inafa kalekale. Dzuwa likalowa kompyuta siyaka. Ndipo wogula uja amafufuta zonse, ndiye ndiyambe ndatulutsa nyimbo yanga. Ndaonerera Happy akudina kambirimbiri. Mphindi zochepa, tanyamuka."

"Zili bho," anatero Chitseko. Anagundanitsa matambula, Fabiano akumwetulira mpaka chibwano kuwawa. Paja akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinayi linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Anazungulira kuseri atanyamula chitsulo chothyolera maloko, chimene Chitseko anachisenza kuchokera kumudzi, n'kupeza chitseko chongomangidwa ndi waya. Injiniya anamasula wayayo monyadira ngati watsegula banki.

M'katimo munali ng'anjo yeniyeni. Happy anakhoma matiresi akale ndi mathireyi a mazira m'makoma monse kuti phokoso lakunja lisamalowe, moti mukatseka chitseko simumva ngakhale minibasi ikuimba hutala. Chitseko anayenera kukhala panja kulondera, koma anaona fani pakona, ndiye ulonda unathera pomwepo.

Fabiano anayatsa kompyuta, navala mahedifoni, nabaya fulashi, nadina pamene Happy ankadina. Nyimbo inayamba kuyenda, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono.

"Pamene tikudikira," anatero, "Chitseko, nyamula sipika. Injiniya, zula mawaya osafunika. Tikatuluka pano Happy adzalira ngati mwana."

Kamzere kanafika kumapeto. Fabiano anatsegula nyimbo ya pa fulashi. Gitala analira moyera, gu-gu-gu kulibe.

"Mwaona? Bodza lokhalokha! Ndimadziwa ine kuti..."

Anaima. Pansi pa mawu ake okoma aja, akuti "Veronika duwa langa", panamveka munthu wina wa mawu a m'mphuno: "Chitseko, nyamula sipika."

Fabiano anavula mahedifoni ngati muli nyerere. "Muli anthu umu!"

Chitseko anamvera, nakanda mutu. "Akumveka ngati inu, Bwana Pulani."

"Iwe, usandinyoze. Ine ndimalankhula ngati mbuzi yachimfine chonchi?"

Injiniya anamveranso, nagwedeza mutu mwaukatswiri. "Izi ndi za mawaya. Mawailesi ena akulowerera. Tapatukani, mani."

Anazula fulashi, naiuzira, naipukuta pamalaya. Anamenya kompyuta khofi, mankhwala ake aja odziwika. Anapotokola timabatani tonse ta pa mikisa mpaka kumapeto. Kenako anaona maswichi atatu kukhoma, nawayatsa onse, poti waulesi ndi amene amasankha. Imodzi mwa maswichiwo inali ya chisipika cha pakhonde, chimene Happy ankaitanira nacho makasitomala mumsika. Koma za pakhonde ndani akanazimva m'kati mwa matiresi?

Atabayanso fulashi n'kutsegula nyimbo ija, mawu a m'mphuno aja anali pomwepo ngati mzukwa: "Chitseko, nyamula sipika."

"Tulutsanso," analamula Injiniya.

Kamzere kanayambanso kukwawa. Injiniya anaika khutu pa hedifoni imodzi, namvetsera, kenako anaseka chikhakhali.

"Aise, iyi si nyimbo ija unkaimbira Lydia wa ku Mtakataka chaka chatha?"

"Tseka pakamwa."

"Ndi yomweyo! 'Lydia duwa langa.' Ndimaikumbuka ine."

"Nanga nyimbo yabwino n'kuitaya chifukwa mkazi wakukana?" anayankha Fabiano. "Ndangochotsa Lydia n'kuikapo Veronika. Dzina lake n'lalitali, koma ukalithamangitsa limakwana. Akazi sadziwa zimenezi."

"Zoona," anavomera Chitseko, nkhope ili pa fani.

Atatsegula nyimbo yachiwiriyo, thukuta la Fabiano linasanduka lozizira. Mzukwa uja unali utabwera ndi anzake. Wina ankaseka, wina ankavomera, ndipo wa chimfine uja ankanena momveka bwino kuti wangochotsa Lydia n'kuikapo Veronika.

"Mayo ine!" anakuwa Fabiano. "Mzukwawu ukudziwa za Lydia!"

Apa ukatswiri wa Injiniya unasintha nthambi. "Ndaona vuto. Si mawaya. Happy anaikhwimira kompyutayi. Imaba mawu a munthu, kenako imaba mtima."

Chitseko anagwada pomwepo. "Pepani azimu a kwa Happy! Ine ndi Onani, mwana wa a Laisoni a ku Kachindamoto. Andikakamiza ndi a Fabiano. Mbuzi ya a Bernard ijanso anakonza pulani ndi iwowa, ine ndinangonyamula!"

"Dzuka, chitsiru iwe!" anakalipa Fabiano. Mantha anali nawo, inde, koma Veronika ankamuopa kuposa mizukwa. Loweruka linali mkuja. Anayesanso kachitatu, atauza anzake kuti agwirane manja. Nyimbo inatuluka ndi Injiniya akunong'ona Atate Wathu, n'kusokoneza pakati. Anayesa kachinayi atathira mchere pa kiyibodi, umene Chitseko ankayenda nawo wodyera mango osapsa. Inatuluka ndi mkangano wa mchere.

"Basi," anatero Fabiano, misozi ili m'maso. "Tinyamule chonchi. Tikaitulutsira kwa sing'anga."

Chitseko anasenza kompyuta pamutu, Injiniya anakolekera mawaya m'khosi, Fabiano anakumbatira sipika. Anatsegula chitseko mwakachetechete, akuyenda monyang'ama.

Msika wonse wa Golomoti unali kuseri kwa situdiyo. Ogulitsa usipa, akabaza, makondakitala amene anasiya minibasi zili ndi anthu, amayi ena atayala zitenje pansi ngati ali kukanema. A Bernard, mwini mbuzi, anali kutsogolo atagwira chingwe. Kenako ana a sukulu anayambitsa, gulu lonse n'kulandira ndi m'manja: "Chitseko, nyamula sipika! Chitseko, nyamula sipika!"

Injiniya anayesa kuthawa, koma mawaya a m'khosi anakola pa chogwirira chitseko n'kumubweza chagada.

Happy anatsika pa njinga yamoto ya kabaza ali wefuwefu, poti anthu anamuimbira foni ali pakati pa nyimbo ya kwaya. Analanda fulashi, naibaya pa foni yake, namvetsera. Anthu ankadikira kuti amenye munthu. Koma iye anatsegula pakamwa, nagwira kumutu.

"Maiki! Maiki ndinaisiya yotsegula! Nyimbo ikamatuluka imatolanso zonse zomveka m'chipinda. Gu-gu-gu uja ndi chigayo cha kuseriku, chimagwedeza khoma. Lero chigayo chaduka lamba, ndiye yatola inuyo." Anagwira Fabiano dzanja, wina akumumanga linalo. "Zikomo kwambiri, mani. Ndinatsala pang'ono kugulitsa kompyuta."

Fabiano sanamve n'komwe. Maso ake anali pa Veronika, amene anaima pambali atanyamula beseni la tomato, nkhope ili phee. Akanalira, kapena kumugenda ndi tomato, zikanakhalako bwino.

"Vero, mayi, ndikufotokozere. Si ine ndimalankhula muja. Ndi mizu..."

"Dzina langa n'lalitali, a Fabiano," anatero Veronika. "Musavutike nalo kulithamangitsa."

Anatembenukira kwa Happy. "Achimwene, nyimboyi tsopano ingatuluke bwinobwino?"

"Ndikangodina kabatani kamodzi, ituluka yoyera ngati madzi a pamjigo."

"Ayi, musadine. Muisiye momwemo, anthu aikonda. Mungofufutamo dzina langa."

Anasenza beseni lake n'kubwerera kumsika osacheuka. Atatu aja anawatsogoza ku polisi atawamanga chingwe chimodzi, cha mbuzi ija. Asanafike n'komwe pamsewu wa tala, chisipika cha pakhonde chinayambanso kulira, ndipo Fabiano, amene moyo wake wonse ankalota Golomoti ikuimba nyimbo yake, anaimva ikuimbidwa ndi msika wonse. Pamene pankayenera kumveka dzina la mkazi panali zii.