Makabudula amene ndinkachapa mobisa

Mukaona bambo wa zaka makumi asanu wayamba kudzichapira makabudula amkati, musafulumire kumuyamikira. Pali chimene akubisa. Ndikudziwa chifukwa bamboyo ndinali ine.

Zinayamba ndi kudzimbidwa, kenako timadontho ta magazi ndikapita kuchimbudzi. Woyamba kumukayikira anali mayi wogulitsa chikanda pa Kabwata (tsabola wake ngwankhanza). Ndinasiya chikanda, magazi osasiya. Ndiye diso langa linagwera mnzanga wa kuofesi amene ankasirira mpando wanga. Tiyi akandipatsa ndinkathirira duwa la pawindo. Duwalo linanenepa, ine ndikuonda mpaka kuboola bowo lina palamba.

Miyezi itatu osauza munthu. Nkhani ya kumeneko ungayiyambe bwanji kwa mkazi wako? Ndinkangochapa m'mamawa n'kuyanika kuseri kwa thanki, mpaka mkazi wanga, amake Dalitso, anandipezerera.

"Atate a Dalitso, zaka zonsezi simudziwa pokhala sopo, lero mwaphunzira kuchapa? Ndani ameneyo?"

"Palibe, ndikungokuthandizani."

"Nanga masokosi simundithandiza bwanji?"



Magazi atayamba kutuluka akuda, mantha anandigwira. Ndinasankha kiliniki ya ku Chelstone, kutali ndi maso a kutchalitchi kwathu. Ndinavala jekete, kudzithira perefyumu (poti dokotala akayang'ana koipa, bola kwinaku kununkhire), n'kunama kuti kuli msonkhano. Sindinadziwe kuti mu minibasi ya m'mbuyo munali amake Dalitso ndi achemwali awo, zitenje zili m'chiuno, akupita kukathana ndi mkazi wolanda banja.

Anandipeza pabenchi nditafumbata kabotolo koikamo chimbudzi chokapima. Alamu anga anabwerera pakhomo pomwepo. Amake Dalitso analowa nane kwa dokotala.

"Miyezi itatu?" anatero dokotala. "Bambo, magazi akabwereza, kapena chimbudzi chikada, kapena mukuonda osadziwa chifukwa, simudikira. Mumabwera sabata yomweyo."

Ananditumiza kokaunika m'matumbo ndi kamera. Anapeza chotupa chisanafalikire, n'kuchichotsa.

Tsiku lotuluka m'chipatala mkazi wanga analira, koma mokwiya.

"Akanakhala mkazi ndikanamumenya, nkhani n'kutha. Koma inu munali okonzeka kundisiya wamasiye chifukwa cha manyazi a kabudula."

Ndinachita manyazi oposa oyamba aja. Mayi wa chikanda ndinabwerera kwa iye, tiyi wa mnzanga ndimamwa (ndimayamba ndamununkhiza). Koma poti ndinaonetsa ndekha kuti sopo ndimadziwa pokhala, mpaka lero ndimachapa, ndi masokosi omwe.